Pepala la Charlotte ndi Njerwa za Zondwayo

Zonsezi anaziyambitsa ndi mphunzitsi wina wa paboma la Mzimba, munthu wosowa chogwira. Anauza ana a Sitandade 7 kuti aliyense akajambule mtengo wa banja lakwawo, agogo kumizu, makolo pathunthu, ana kunthambi, ndipo pa dzina lililonse alembepo chaka chimene munthuyo anabadwa. Iye anangonena n'kupita kwake kukadya. Moto unakayakira ku Engutwini, kumene iye sanapondeko ndi phazi lomwe.

Amene analandira ntchitoyo ndi manja awiri sanali mwana wasukulu ayi, anali mayi wa mmodzi wa anawo, Loyce. Loyce kwawo ndi ku Dedza, mkazi wabwino mtima koma pakamwa pothamanga kuposa mutu, wogulitsa zitenje mumsika wa paboma. Anakwatiwa ndi Zondwayo Shaba, woyendetsa lole ya matabwa ku Chikangawa, ndipo anabereka naye ana awiri, Charlotte ndi Tumbikani. Zaka khumi ndi zisanu ali pabanja, kumudzi kwa mwamuna wake ku Engutwini ankamutchabe "Mchewa uja". Ana ake ankawatcha "ana a paboma", poti munthu akawalonjera m'Chitumbuka ankangoti "yewo" n'kuyamba kuwerenga zala zakumapazi. Chinthu chimenecho chinkamudya Loyce ngati nankafumbwe m'nkhokwe.

Tsono chaka chimenecho Zondwayo anali ataumba njerwa kumudzi n'kuziwotcha. Uvuni wathunthu unali chiimire pamalo amene malemu bambo ake anamulozera ndi ndodo asanamwalire. Msana unali utayamba kudandaula ndi msewu wa Chikangawa, ndipo ankafuna kumanga mvula isanagwe, ana ake akhale ndi poti "kwathu". Koma malowo mkulu wake Stafford anali atawazolowera. Zaka zonse zimene mng'ono wake ankayenda ndi matabwa, iye ankadzalapo nyemba. Uvuni uja ankauyang'ana ngati mmene mkazi wamkulu amayang'anira mimba ya mkazi wamng'ono.

Charlotte atafika ndi pepala lalikulu la kusukulu, Loyce anaombera m'manja.

"Eya, Mulungu sagona. Loweruka tonse kumudzi! Mukakhale pansi ndi agogo anu a Sellah, akakuuzeni mayina onse, mmodzimmodzi. Tione ngati adzanenenso kuti ana anga sadziwa kwawo."

Zondwayo naye zinamukomera. "Mukamve kumene a Shaba tinachokera, ife si anthu wamba," anatero akumasula nsapato. "Koma ankhazi muwafunse mwaulemu. Aja akakwiya amatafuna munthu ndi nsinini."

Ankhazi, kunena kwa kuno, ndi azakhali, mlongo wa bambo ako. A Sellah anali mlongo wa malemu bambo a Zondwayo, ndipo mwa akuluakulu onse a pabanjapo anali atatsala okha.

Sabata yonseyo Loyce anakhalira kuphunzitsa mwana kafunsidwe. "Usakachite manyazi. Dzina lililonse ufunse kuti anamubala ndani, anabadwa liti, anabadwira kuti. Akazemba, ubwerezenso. Kwathu ku Dedza ndi mmene timawerengera mbumba, aliyense ndi bere limene anayamwa."

Apo ndi pamene panagona cholakwa. Ku Dedza ukhoza kufunsa zaka mpaka kukhosi kuume, palibe amene angavulale, chifukwa mwana ndi wa mayi, ndipo mayi sasowa. Kuno kwa Angoni mwana amawerengedwa kwina. Koma mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Loyce kalumo kake anakanola masiku asanu.

Loweruka anakwera minibasi, kenako njinga zamoto, n'kufika dzuwa litakwera, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anapeza a Sellah atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, akusenda mtedza m'lichero, kabotolo ka fodya wamphuno kali pambali. Loyce anagwada patali monga mkamwana, nalonjera. A Sellah anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanenepa, NyaPhiri. Zitenje zikuyenda. Ife kuno tikuvala nsanza, koma mbwenu."

Loyce anatulutsa chitenje chatsopano m'chikwama, a Sellah anachitembenuza kawiri, n'kuchikhalira osathokoza. Ndiye kuti chinawasangalatsa.

Posakhalitsa Stafford anatulukira, manja kumbuyo, mkazi wake NyaMoyo akutsatira ndi mipando. Mwana wawo wamkazi Linily, wa msinkhu umodzi ndi Charlotte, anathamanga n'kudzakhala phewa ndi phewa ndi mbale wake, atagwirira ngodya ya pepala kuti mphepo isaliulutse.

"Dzina langa likhala pati?" anafunsa Linily.

"Apa, pafupi ndi langa," anatero Charlotte. "Nthambi zathu zituluka pathunthu limodzi."

Stafford anaseka. "Alamu, mwabwera ndi kalembera? Mutiwerengenso ndi nkhuku zomwe, ndapota."

"Ayi alamu, ndi za kusukulu. Ana adziwe mizu yawo."

"Mizu," anatero Stafford, akukhala pampando pang'onopang'ono. "Chabwino. Mizu ndi yabwino chomene."

Poyamba zinthu zinayenda bwino. A Sellah, m'Chichewa chawo chokhotakhota kuti ana amve, anayamba kutchula mayina a makolo, wina kubala wina, wina wopha nyalugwe ndi chibonga, wina wothamangitsidwa ndi akazi ake atatu tsiku limodzi. Tumbikani anaseka mpaka kugwa chagada. Zondwayo anakhala chotambalala, chifuwa patsogolo, akungoti "mukumva? mukumva?" Loyce mtima unali m'malo. Ankaona ana ake atazunguliridwa ndi abale, ndipo anati mumtima, lero ndawalowetsa.

Atafika pa mlongo wawo, bambo a Stafford ndi Zondwayo, a Sellah mawu anakwera.

"Ameneyo anali mwamuna. Anapita ku Joni wapansi ndi wapabasi, mvula zisanu ndi ziwiri osaponda pakhomo pano. Osati anyamata a masiku ano, miyezi itatu ayamba kulira pafoni. Mvula zisanu ndi ziwiri! Anabwera ndi njinga, wailesi, ndi bokosi lachitsulo lolemera amuna awiri."

"Agogo, anapita chaka chanji?" anafunsa Charlotte, pensulo ili m'mwamba.

"Chaka chimene mtsinje unakokolola mlatho."

"Aphunzitsi akufuna manambala, agogo."

"Aphunzitsi akowo abwere adzafunse mtsinje."

Pakanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma Loyce, ndi changu chake chija, anakumbuka bokosi.

"Bambo a Charlotte, kodi bokosi lija la adada silili m'nyumba yakale? Mapepala awo ali momwemo. Zaka zonse tizipeza."

A Sellah anasiya kusenda mtedza. "Lisiyeni bokosilo. Muli mphemvu zokhazokha."

"Alitenge, ankhazi," anatero Stafford mofewa ngati munthu wopempha mchere. "Ana aone agogo awo atavala suti. Kapena muli choopsa mmenemo?"

Tinene zoona, Stafford ankadziwa chimene chinali m'bokosimo. Pamene bambo ake ankabwera ku Joni iye anali kale mnyamata woweta mbuzi, maso anali nawo, makutu anali nawo. Koma mwambo unamumanga pakamwa zaka makumi anayi. Zinthu zimenezo mwini mudzi sayamba kuzinena. Ankangodikira chitsiru chochokera kutali chidzamuyambire.

Zondwayo, wosadziwa kanthu, anakalitenga yekha bokosilo, n'kuliika pamphasa, n'kulitsegula ndi mpeni. Munatuluka fungo la zinthu zakale. Munali chipewa chodyedwa ndi njenjete, chithunzi cha mwamuna wamtali ataima pafupi ndi galimoto ya eni ake, makadi a ubatizo omangidwa ndi ulusi, ndi pasipoti yakuda m'mphepete.

Charlotte, mwana wanzeru ngati mayi wake, wosadziwa kukhala chete ngati mayi wake, anayamba kuwerenga mokweza.

"Stafford Shaba, anabadwa 1974. Zondwayo Shaba, anabadwa 1980." Analemba bwinobwino, lilime lili panja. Kenako anatsegula pasipoti. "Chidindo chotulukira, 1976. Chidindo cholowera, 1983." Anatembenuza masamba ena onse. Anali oyera.

Anawerenga ndi zala. Kenako anakweza mutu.

"Amayi, apa alakwitsa. Adadi anabadwa 1980, koma agogo anali ku Joni."

Mkazi wa kuno akanamutsina mwanayo pantchafu, n'kumutuma madzi kuchitsime. Loyce anaseka. Ankaona ngati mwana wake wagwira cholakwa cha kalaliki wa tchalitchi, ndipo ankafuna abale onse aone mmene ana a paboma amawerengera.

"Mwina ankabwera pa Khirisimasi, mwana wanga. Si choncho, ankhazi? Ayi koma mwati mvula zisanu ndi ziwiri osaponda pano." Anayang'ana mwamuna wake, akusekabe. "Nanga tsono bambo a Charlotte, inuyo anakubalani ndani?"

Mawuwo atangotuluka, iye mwini anawamva mmene anagwera. Nkhuku imene inkatola makoko a mtedza ndi yokhayo imene inapitiriza ntchito yake. NyaMoyo anaphimba pakamwa ndi chitenje, koma maso ake ankavina. Zondwayo anali akumwetulirabe, kumwetulira kwa munthu amene waponda munga koma ululu usanafike kumutu.

Stafford anaimirira, nasasa fumbi pabuluku.

"Yewo chomene, alamu. Yewo. Anthu nonse mwamva, si ine ndanena. Ine ndakhala chete zaka makumi anayi ngati chitsa. Lanena ndi pepala, wawerenga ndi mwana wake, wafunsa ndi mkazi wake."

"Akulu, mukutanthauza chiyani?" anafunsa Zondwayo.

"Ndikutanthauza kuti pamene adada ankatsika basi, ine ndinali pomwepo. Ndinawadziwa, iwo anandidziwa. Iwe unali kumbuyo kwa amama, zaka zitatu, ukulira poona mlendo. Unkalira zoona, anali mlendo kwa iwe. Tsono njerwa zako zija, uli ndi lole, ukazinyamule. Ukamange kumene kuli magazi ako. Malo aja ndi a Shaba."

Zondwayo anadzuka ngati waponda moto. Mpando unagwa. Anamugwira mkulu wake pakolala, ndipo malaya anang'ambika mpaka pamchombo. Tumbikani anayamba kulira. Agalu anauwa. Akazi a nyumba zoyandikana anatulukira ndi mitsuko yopanda madzi, aliyense akunamizira kuti akupita kuchitsime, koma chitsime chili mbali ina.

"Menya!" anakuwa Stafford. "Menya, anthu aone khalidwe la kumene unachokera. A Shaba sitimenya akulu athu!"

Loyce anaiwala kuti ndi mkamwana. Anaimirira, chitenje m'chiuno.

"Alamu, manyazi mulibe? Nkhani yonseyi ndi nyemba! Munthu wakula nanu, wakuikirani makolo m'manda, matabwa a bokosi la amama ananyamula ndi iye kuchokera ku Chikangawa, lero mukumuthamangitsa chifukwa cha nyemba?"

"Khala chete iwe Mchewa," analowerera NyaMoyo, amene anali atadikira mpata umenewu kuyambira tsiku la ukwati. "Wafukula wekha, lero ukuti kununkha? Kwanu amuna amakhala chikamwini ngati nkhuku zobwereka, mwina n'chifukwa chake sudziwa kuti mudzi uli ndi eni ake."

"Eni ake ndinu? Inu munabwera ndi chiyani pano, kupatula mlomo?"

Zinafika poti wina akanatha kutola mwala. A Sellah nthawi yonseyo anali chikhalire. Anatsegula kabotolo kawo, nafwenkha fodya mphuno iyi ndi iyi, nayetsemula, napukuta ndi chitenje chatsopano chija. Kenako anatenga lichero n'kulimenyetsa pansi. Mtedza unamwazika bwalo lonse.

"Mwatha?" anafunsa. "Zondwayo, siya malaya a mkulu wako, ndi amodzi omwewo. Khalani pansi nonse. Iwe mwana wa pensulo, bwera kuno. Ntchito yako sinathe."

Charlotte anasendera. Linily, wosadziwa chochita, anasendera naye, atagwirabe ngodya ya pepala.

"Wamaliza nthambi ya adada ako. Tsopano tiye kunthambi ya adada ako aakulu. Stafford, poti wakonda manambala, muuze mwanayu. Iwe ku Joni unapita chaka chanji?"

Stafford anayang'ana kumbali.

"Waiwala? Ine sukulu sindinapite koma ndikukumbuka. Unapita chaka chimene tinafolera tchalitchi ndi malata. Unatchona mvula zisanu, foni yokha ndi imene inkabwera. Pasipoti yako ili m'nyumba, NyaMoyo akaitenge. Atengenso ndi khadi la kusikelo la mwana amene wagwira pepalayu. Tiwerengetse bwinobwino, monga mmene mwawerengera za mnzanu."

NyaMoyo, amene mlomo wake unali patsogolo mphindi yapitayo, anagwa pansi ngati thumba lothothoka. Kenako anadzuka n'kuthawira kukhitchini. Akazi a mitsuko aja anayang'anana. Panalibe mmodzi mwa iwo amene sankadziwa, ndipo panalibe mmodzi amene anayamba wanenapo.

"Ankhazi, ndapota," anatero Stafford chapansipansi. "Mwana ali pano."

"Lero wadziwa kuti pali ana? Pamene umang'amba mng'ono wako pamaso pa ana ake, unkaona ngati ndi zitsa? Iwe unabwera ku Joni, unapeza mwana akuyenda, unamunyamula, unamugulira nsapato. Unachita bwino. Unachita chimene adada ako anachita. Palibe anakuseka, chifukwa ng'ombe zako zinali zitalowa m'khola la a Moyo, ndipo mwana wobadwa m'nyumba imene ng'ombe zako zinatsegula ndi wako. Ukufuna lamulo limeneli likhale la m'nyumba mwako mokha?"

Anatembenukira kwa Loyce, chala chili patsogolo.

"Ndipo iwe, NyaPhiri, zaka khumi ndi zisanu ukudya nyemba za pano, sunafunsepo mmene timawerengera ana? Unangobwera ndi kawerengedwe ka kwanu ngati kuno kulibe anthu. Kuno sitifunsa kuti anabala ndani. Timafunsa kuti ng'ombe zinali za ndani."

Loyce anagwada.

"Tsono mverani, poti mwafuna kulemba," anapitiriza a Sellah. "Ng'ombe zimene zinakalowola mayi wa anyamata awiriwa zinali zanga. Ine anandikwatitsa ku Champhira ndili kamtsikana, kwa mwamuna wa mowa ndi chibonga. Ng'ombe zisanu ndi zitatu zinabwera pano chifukwa cha ine, sizinagone ndi mwezi womwe, zinapitirira kukatenga mkazi wa mlongo wanga. Mwamuna uja anandithyola dzino ili, anandithyola mkono uwu. Ndikanathawa, akanadzaitanitsa ng'ombe zake, nyumba ya mlongo wanga ikanapasuka. Ndinakhala. Zaka makumi awiri ndinakhala, mpaka mowa unamutenga. Ndiye wina aimirire pano anene kuti mwa ana awiri a ng'ombe zanga, mmodzi si Shaba? Stafford, ngati Zondwayo si Shaba, dzino langa linathyokera chiyani?"

Stafford anaimirira. Kenako anatola chipewa chake.

"Amange," anatero, osayang'ana munthu. "Amange nyumba yakeyo."

Anachoka akugwirizira malaya ong'ambika. Sanaitane mwana wake. Mwina anachita manyazi, mwina anaiwala, koma Linily anaona kuti sanamuitane. Mtsikanayo anali atasiya ngodya ya pepala. Anayang'ana malo amene Charlotte anamulonjeza kuti dzina lake likhala, nayang'ana kukhitchini kumene mayi ake ankalira, kenako anadzuka n'kuyenda yekha kulowera kumunda. Zaka khumi ndi zitatu si zochepa, anali atamva zonse.

Loyce anaganiza kuti kwatha, malo apulumuka. Koma atayang'ana mwamuna wake, anaona kuti zenizeni zikuyamba kumene. Zondwayo anali atatenga chithunzi chija cha m'bokosi. Ankayang'ana mwamuna wamtali, wowonda, wa mphuno yosongoka. Iye ndi wamfupi, wojintcha, mphuno ngati ya mbiya. Zaka zonsezi chithunzicho ankachiona, koma lero ndi pamene anachiona.

"Ankhazi," anatero, "ndani?"

"Adada ako ndi amene wagwira m'manjawo."

"Ankhazi, ine ndili ndi imvi. Ndiuzeni. Ndani?"

"Ndakuuza. Tsiku limene anafika, iwe unkalira, iye anavula chipewa icho n'kukuveka, chinakumiza mpaka m'khosi, anthu onse anaseka. Anakunyamula, analowa nawe m'nyumba. Mpaka kufa sanafunsepo funso limene ukufunsali. Iwe ndiwe wamkulu kuposa iye?"

"Ali moyo?"

A Sellah anayamba kutola mtedza umene unamwazika, umodziumodzi.

"Za anthu akufa ndakuuzani. Zimenezo ndipita nazo ndekha. Wina anditolere mtedzawu, msana wanga si wa njinga."

Pobwerera ku boma palibe amene analankhula. M'minibasi Loyce anayesa kugwira dzanja la mwamuna wake, iye analichotsa mwakachetechete, ngati akufuna kukanda pakhosi. Akanamukalipira, Loyce akanapeza poyambira kupepesa. Koma munthu wongoyang'ana pawindo umamupepesa bwanji?

Lamulungu masana, atabwera kutchalitchi, Charlotte anayala pepala lija patebulo. Linali litadetsedwa ndi fumbi, ngodya imodzi itapindika pamene Linily ankagwira.

"Amayi, mawa ndi tsiku lopereka. Ndilembe chiyani?"

"Bweretsa kuno ndiling'ambe," anatero Loyce. "Ndikauza ndekha aphunzitsi akowo kuti linagwera m'madzi. Ndipo ndikawauzanso zina."

"Lisiye."

Anali Zondwayo, mawu ake oyamba kuyambira dzulo lake. Anabwera n'kuima kumbuyo kwa mwana wake, nayang'ana mtengo uja nthawi yaitali.

"Kumizu, pansi pa dzina langa, ulembe agogo ako a Shaba. Pambali pawo ulembe agogo a Sellah, ndi zilembo zazikulu. Linily umulembe panthambi ya adada ako aakulu, pafupi ndi iwe, monga unamuuzira. Zaka zonse ufufute."

"Aphunzitsi andichotsera mamalikisi, adadi."

"Achotse."

Anachotsadi. Analemba ndi cholembera chofiira kuti ntchito ndi yosamalizika, mwana afunsenso makolo. Charlotte sanafunsenso. Kuyambira tsiku limenelo mwana uja, amene ankafunsa ngakhale chifukwa chimene mbuzi ili ndi ndevu, amayamba wayang'ana nkhope ya mayi ake asanatsegule pakamwa.

Nyumba inamangidwa. Zondwayo anatumiza mmisiri, maziko anakumbidwa mvula isanagwe, ndipo Stafford anazula yekha mapesi a nyemba. Abale awiriwo amalonjerana pamaliro ndi kutchalitchi, moni wa anthu okumana pachigayo. Linily anapempha kukakhala kwa abale a mayi ake ku Champhira, akuti sukulu ya kumeneko ndi yabwino. Charlotte anamutumizira uthenga kawiri pafoni ya NyaMoyo, yankho silinabwere.

Loyce chimene ankafuna anachipeza. Ku Engutwini tsopano palibe amene sadziwa ana ake, ndipo iye sakumutchanso "Mchewa uja". Akumutcha "uja wa pepala". Akapita kuchitsime, akazi amasiya nkhani, wina n'kunena mokweza kuti, "Bisani makadi a kusikelo, kalembera wafika."

Zimenezo akanazipirira. Chimene chimamusowetsa mtendere ndi mwamuna wake. Pa Khirisimasi anapita onse kukapemphera kumudzi, kutchalitchi cha malata chija. Loyce, ali kumbali ya amayi, anaponya maso kumbali ya abambo. Anthu onse anali ataweramira m'mabuku a nyimbo. Zondwayo yekha buku linali lotseka m'manja. Ankayang'ana nkhalamba za pabenchi lakutsogolo, imodziimodzi, mphuno, makutu, mapewa, ndipo akamaliza benchi ankayambiranso.